Musanalipile kalasi ya zojambula, pitani mukadzionele

Lacisanu lapitali pa Kulima Tower, mnyamata wina anakwela basi yathu ya ku Chelstone atanyamula cithunzi cacikulu, penti ikali yosauma. A kondakita anamuyang'ana kamodzi cabe. "Boi, ici cinthu cako cizalipila mpando wake." Tinaseka. Amayi amene anakhala pambali pake anakoka citenge cao kuopa penti yofiila. Pothela pake mnyamatayo analipila mipando iwili, ndipo anatsikila pa Manda Hill n'kulowela ku Showgrounds.

Ine kuseka kwanga sikunakhalitse, cifukwa ndinakumbuka mng'ono wanga. Atatsiliza giledi 12 anaona cikwangwani ca makalasi a zojambula, ndipo amayi anatenga ndalama zao za cilimba n'kumulipilila miyezi itatu. Anapitako milungu itatu cabe. Luso anali nalo, koma palibe anamuuza zimene zimacitika mu situdiyo, ndipo ife a pabanja sitinafunse. Ndiye lelo ndifuna kukamba na imwe amene muganiza zolembetsa, kapena zolipilila mwana: musapeleke ngwee imodzi musanapite kukaona na maso.

Coyamba, ndalama ya kalasi si ndiyo mtengo wonse. Mapepala, mapensulo, mabulashi, penti na nsalu yopentapo zimatha, ndipo kawilikawili wophunzila amagula yekha. Mng'ono wanga anadziwa zimenezi tsiku loyamba, atapatsidwa mndandanda wautali ndalama zitapita kale. Pemphani mndandandawo musanalipile. Ndipo musathamangile kugula zonse. Poyambila, pensulo ya HB, ya 2B na ya 6B, labala na buku la mapepala osalemba mizele n'zokwana. Ngakhale khala la pa mbaula limajambula. Pa penti, yambani na yofiila, yacikasu, yabuluu na yoyela. Mitundu ina yambili mudzaipeza posakaniza zimenezi.

Funsaninso mtundu wa penti. Ya acrylic imasungunulidwa na madzi ndipo imauma m'mphindi zocepa, koma mukaiwala kutsuka bulashi, yauma, mwataya ndalama. Penti ya mafuta imatenga masiku kuti iume, ndipo turpentine wotsukila mabulashi ali na fungo lopweteka mutu. Conco mukalowa mu situdiyo yang'anani mawindo. Ngati cipinda n'cotsekeka monga kontena ya pa msika, ganizani kawili, maka-maka ngati muli na cifuwa ca asima. Muone ngati pali pompi ya madzi, ndiponso ngati pali malo osiyapo nchito yanu kuti iume. Apo ayi, inunso mudzalipila mipando iwili.

Caciwili ni nthawi. Situdiyo si kalasi yokopela manotsi kwa mnzako. Mumaimilila kapena kukhala maola awili, atatu mukuyang'ana cinthu cimodzi, ndipo tsiku limene mwajomba palibe angakujambulileni. Ngati mumaweluka 17 koloko m'tauni, welengani bwino mzele wa pa sitesheni na kuculuka kwa magalimoto pa Great East Road. Kalasi ya madzulo ili na vuto linanso: mitundu imaoneka mosiyana pa kuwala kwa babu, ndiye malaiti akapita nchito yaima. Funsani kuti amacita bwanji magetsi akazima.

Cacitatu n'cimene cimathawitsa ambili. Munthu amabwela na maganizo openta nkhope ya agogo ake sabata yoyamba, koma mphunzitsi amamuikila botolo, kapu na nsalu yopinda pa thebulo. Mawa botolo lomwelo. Sabata yamawa dzanja lako lomwe. Si nkhanza. Akukuphunzitsa kuona: pamene kuwala kwagwela, pamene mthunzi wayambila, kutalika kwa ici poyelekeza na ico. Mphunzitsi amene akulonjeza kuti m'mwezi umodzi mudzayamba kugulitsa zithunzi, ameneyo afuna cabe ndalama zanu.

Pambuyo pake pamabwela tsiku lopacika nchito pa khoma kuti onse akambepo. Apa m'pamene mng'ono wanga anagwela mphwayi. Kunyumba tinali kumuuza kuti ni katswili. Kumeneko anauzidwa pamaso pa anzake kuti khosi la munthu wake n'lalitali monga la nyamalikiti. Anabwela akulila. Koma kudzudzula kumeneku ndiye cimene mumalipilila. Cofunika n'cakuti mphunzitsi azikamba za cithunzi, osati kunyoza munthu, ndipo azionetsa mokonzela. Pemphani kukhalako tsiku limodzi monga mlendo kuti mumve mmene amakambila na ophunzila. Akakana, mwayankhidwa kale.

Palinso nkhani imene anthu amacita nayo manyazi. M'masukulu ambili a zaluso padziko, ophunzila amajambula thupi la munthu wamoyo, nthawi zina atavala zocepa kapena wosavala, kuti adziwe mmene mafupa na minofu zimakhalila. Si situdiyo iliyonse imene imacita zimenezi, koma ngati cikhulupililo canu kapena makolo anu sangalole, funsani poyamba, osati kukakangana mutalipila.

Comaliza, dziwani cimene mufuna. Ngati n'kuphunzila cabe luso, satifiketi ilibe nchito kwenikweni. Onani zithunzi za mphunzitsi na za ophunzila ake akale. Koma ngati mufuna pepala lokapezela nchito, funsani ngati sukuluyo inalembetsedwa ku TEVETA, ndipo yelekezani na zimene amaphunzitsa ku Evelyn Hone College pa Church Road, kumene aphunzitsi ambili a zaluso m'dziko muno anapitila.

Ndikudziwa ena mukuti, "Aa, kujambula ni mphatso, munthu amabadwa nayo." Mwandi, Henry Tayali, wobadwila ku Serenje mu 1943, anali na mphatso kuposa ambili a ife, koma anakhalabe pansi kuphunzila ku Makerere ku Uganda, kenako ku Düsseldorf ku Germany. Anamwalila mu 1987, koma cosema cake ca The Graduate cikali ciimile pa UNZA. Mphatso imakufikitsa pa khomo. Cotsala ni maola na thukuta.

Ndiye Loweluka lino citani ici. Tsikilani pa Manda Hill, lowani mu Showgrounds mufunse Henry Tayali Visual Arts Centre. Pitani ku Lechwe Trust pa Lagos Road, kapena ku Lusaka National Museum pa Independence Avenue. Onani nchito za anthu a kwathu konkuno, ndipo mukapeza wojambula, mupatseni moni na kumufunsa kumene anaphunzila na zimene amagula mwezi uliwonse. Mudzamva zoona zimene cikwangwani sicilemba.

Kwa imwe eni masitudiyo, pempho langa n'limodzi: lembani zonse pa pepala, mtengo, zipangizo na maola, mupatse munthu asanalipile. Ndalama za cilimba sizibwela kawili pa caka.

Mng'ono wanga anayambanso, koma mwa njila ina. Amayenda na kabuku m'cikwama, ndipo basi ikamadikila kudzala amajambula makosi na zipewa za amene akhala kutsogolo kwake. Akuti kabuku kakadzala adzapita kukalembetsa, mafunso ali m'manja. Ngati mwaona wina kumbuyo akukuyang'anitsitsani na pensulo, musakwiye. Khalani cabe phee mpaka a kondakita atseke citseko.