Kodi Dzina Lakuti Boma Lidachokera Kuti?

Abale athu a m'midzi, mlandu ukakanika pa bwalo la mfumu timati, "Tiyeni nawo ku boma." Liwu limeneli tilitchula masiku onse, koma chiyambi chake ambiri achisokoneza. Alipo ophunzira ena, ngakhale mwa iwo okhala m'nyumba zazikulu za ku Area 10 ndi Area 43 mu Lilongwe, amene auza ana kuti Angelezi adatola zilembo zoyamba za mawu akuti British Overseas Military Administration, napanga dzinali. Ife tikana ndithu, pakuti chiphunzitso ichi n'chonama.

Taonani umboni. Boma ndilo liwu la Chiswahili, ndipo litanthauza mpanda wa mitengo kapena wa minga wotchinjiriza anthu ndi zoweta. Makolo athu adautcha linga, monga Linga la Jumbe ku Nkhotakota. Henry Morton Stanley adalemba liwuli m'buku lake la 1872, dziko lino lisanalowe m'manja mwa Angelezi mu 1891. Ndiponso Ajeremani ku Tanganyika adatcha malo awo olamulira boma. Kodi iwowo akadabwereka zilembo za Chingelezi? Iyayi. Atsamunda adamanga maofesi awo m'kati mwa mipanda yotere, momwemo naweruza milandu, nalandira msonkho. Potero dzina la mpanda lidagwera eni ulamuliro. Chomwechonso boma la Lilongwe lidakhazikika mu 1904, kumene lero titcha Old Town.

Kapena wina adzati, "Kulimbanira liwu kupindulanji?" Kupindula kwambiri. Munthu wokhulupirira kuti boma ndi chinthu cha mlendo, chuma chake achiyesa chopanda mwini. Likulu lidachoka ku Zomba kudza ku Lilongwe mu 1975, ndipo mu 2013 kudaululika kuti pa Capital Hill ndalama za dziko zidabedwa, chaka chomwecho zipatala zikusowa mankhwala. Akubawo adathyola mpanda wa amasiye ndi odwala a mtundu wawo womwe.

Chifukwa chake, akulu a mpingo ndi aphunzitsi anzathu, phunzitsani ana tanthauzo loona: boma ndilo mpanda, ndipo ntchito ya mpanda ndiyo kusunga ali m'katimo. Woweruza wolandira chiphuphu, mboni yonama, ndi ife tomwe tikapereka nkhuku kuti mlandu utikomere, tonse tizula mitengo ya linga lomwe tigonamo. Ndipo fisi polowa usiku sadzafunsa kuti adazula ndani.