Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu

Mwambi wa lero ukutikumbutsa kuti mwana akalakwa, mlandu umagwera akuluakulu ake. Kale mnyamata akaba nkhuku, kapena akalekerera mbuzi kudya mmera wa eni, sankaima yekha pabwalo la anyakwawa. Atsibweni ake ankakhala pambali pake, kupepesa ndi kulipa. Mwanayo ankadzudzulidwa pamaso pa anthu, mwina kupatsidwa ndime yoti alime m'munda wa wolakwiridwa, koma madzulo ankagona kwawo.

Ambiri amati malamulo a masiku ano okhudza ana olakwa ndi achilendo, ndipo akulekerera ana. Ine ndikuona kuti malamulowa akutibwezera ku bwalo lakale lija. Lamulo losamalira, kuteteza ndi kuweruza ana, limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2010, linalowa m'malo mwa lamulo la 1969. Linakhazikitsa mabwalo a milandu ya ana okhaokha, ndipo limalola kuti mwana wovomera kulakwa kwake pa mlandu waung'ono asazengedwe kukhoti, koma apepese, abweze chimene anawononga, alangizidwe. Mwana wosakwana zaka 10 saimbidwa mlandu konse. Mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 aziwerengedwa ngati mwana. Amene mlandu wake wakula amayenera kupita ku malo osinthira khalidwe, monga Chilwa ku Zomba kapena Mpemba ku Blantyre, kumene kuli sukulu ndi ntchito zamanja. Mu 2018 Khoti Lalikulu linagamula kuti kusunga ana m'ndende za Bvumbwe ndi Kachere kunali kuswa lamulo.

Chifukwa chake n'chodziwikiratu. Mwana woba chinangwa mukamutsekera pamodzi ndi wothyola nyumba, mwamupezera mphunzitsi, ndipo adzatuluka atakhoza maphunzirowo. Paja amati kuwongola mtengo n'kudakali kwaung'ono.

Komabe lamulo lokha silingalere mwana. Kuti wapolisi kapena woweruza abweze mwana kumudzi, pamafunika wamkulu womulandira ndi kulonjeza kuti adzamuyang'anira. Apa ndi pamene tikuperewera. Alipo makolo amene akamva kuti mwana ali m'chitokosi amangoti, "Musiyeni aone zakuda." Atsibweni ali kutauni, foni sakuyankha. Pamsika napo, kamwana kakagwidwa ndi mtolo wa kaunjika, anthu amathamangira miyala ndi zibonga, ngati kuti alibe ana kwawo. Tikamakana kudya nawo manyazi a mwana, ndife amene tasiya mwambo, osati boma.

Sindikunena kuti wolakwiridwa aiwalidwe. Mayi amene anaberedwa mpamba wa geni yake ayenera kubwezeredwa, ndipo mwanayo ayenera kumva kulemera kwa zimene anachita. Pali milandu ina, monga kupha ndi kugwiririra, imene siingathere pa kupepesa. Koma yambiri ndi ya njala, ya kutengeka ndi anzake, ya kusowa womuyang'anira.

Tsono adzukulu anga, ena mwa inu ndinu atsibweni ndi azakhali kale. Tsiku limene mudzamve kuti mphwanu kapena mwana wa mlongo wanu ali kupolisi, valani nsapato mupiteko. Mukakhale pambali pake, mukapepese, mukalipe, kenako mukamulangize kunyumba. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nanga wa mlongo wako ndiye umusiyire yani?