MAKOMITI A M'MIDZI AKUSOWA ANTHU

Amayi ndi abambo a nthambi yathu ya Thuchila,

Pa misonkhano ya chipani timadzaza bwalo mpaka ena kukhala padzuwa. Koma nyakwawa ikaitanitsa anthu oti alowe m'komiti ya mjigo, ya sukulu kapena ya chitukuko cha m'mudzi ija ya VDC, aliyense amayang'ana pansi ngati wataya singano. Potsiriza amasankhidwa anthu omwe aja atatu kapena anayi, ambiri mwa iwo amayi, ndipo mupeza mayi mmodzi ali m'makomiti anayi. Munthu wotere akadwala, kapena akapita kumaliro kutali, mudzi wonse umaima.

Tikafunsa chifukwa timamva mayankho awiri. Achinyamata amati, "Kodi pali alawansi?" Akuluakulu ena amati ntchito yopanda malipiro ndi thangata. Yankho la akuluakululi sitiliseka, pakuti lili ndi mbiri yake. Kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo makolo athu ankagwira ntchito m'minda ya azungu kuti aloledwe kukhala pamalo, ndipo wokana ankathamangitsidwa pamodzi ndi banja lake. Mkwiyo wa zimenezi unali m'gulu la zinthu zimene zinabutsa chipolowe ku Thyolo mu 1953, ndipo thangata sanathe mpaka 1962. Komatu liwulo atsamunda anachita kutibera. Kuthangata ndiko kuthandizana, monga achitira anansi polimitsana munda. Pa thangata wa mzungu thukuta linali lathu, phindu la mwini esiteti. Nanga mjigo ukakonzedwa, amamwa madziwo ndani?

Dera lathu lino lili ndi umboni wake. Mu 1968 boma linayesa ku Chingale, m'boma la Zomba, kutsitsa madzi a m'phiri ndi mapaipi popanda injini, madzi akuyenda okha potsetsereka. Zitatheka, ntchitoyo inafika ku Chambe kuno ku Mulanje, n'kufalikira m'midzi yambiri yozungulira phiri. Boma linkapereka mapaipi ndi amisiri, koma ngalande zonse zinakumbidwa ndi anthu a m'midzi ndi makasu awo, mudzi uliwonse gawo lake ndi tsiku lake, ndipo mpopi uliwonse unali ndi komiti youyang'anira. Palibe analandira malipiro. Pamene mipopi ina inauma pambuyo pake, phiri silinasiye kutulutsa madzi ai. Kawirikawiri chimene chinasowa ndi anthu oyenda m'mbali mwa paipi kuona podontha ndi kusonkhetsa ndalama zokonzera.

Tikumbukenso mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'mapiri a Mulanje ndi Phalombe, n'kudula misewu. Thandizo la kutali linachedwa. Amene anayamba kupulumutsa anthu, kutsegula makalasi kuti anzawo agonemo ndi kulemba maina a mabanja ovutika anali anthu a m'midzi momwemo. Komiti yoona za ngozi siipangidwa madzi atafika m'khosi. Iyenera kukhalapo chilimwe, kudziwa nyumba zimene zili m'mphepete mwa mtsinje wa Thuchila ndi kumene okalamba angathawire.

Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linatsegula njira yoti zofuna za mudzi zichoke ku VDC, zipite ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, kenaka ku khonsolo ku Boma. Njira imeneyi ikakhala yopanda anthu, mlatho wathu ndi kalasi yathu sizilembedwa pena paliponse, ndipo tidzangodandaula pa bawo.

Tichenjezane chinthu chimodzi. Makomiti amenewa si a chipani chathu. Membala wathu akalowamo asiye nsalu ya chipani kunyumba, atunge ndi kutungitsa aliyense. Ndipo amene muli kale m'mipando, lekani kuiumirira. Werengani poyera ndalama za mjigo pamaso pa mudzi, chifukwa ambiri amathawa komiti poopa kutchedwa akuba.

Tsono pempho la nthambi ndi ili. Pa msonkhano wathu wotsatira mudzi uliwonse ubwere ndi maina awiri a anthu amene sali m'komiti iliyonse, mmodzi akhale bambo, pakuti abambo ndiwo akusowa kwambiri. Anyamata a kabaza asatsalire. Amadziwa njira zonse ndipo uthenga amaufikitsa msanga. Amene akuopa chifukwa cholemba movutikira abwere ndithu, aphunzitsi amene tili m'nthambi tidzawaonetsa kasungidwe ka kaundula ndi buku la ndalama Loweruka masana.

Ndine wanu,
Mlembi wa Nthambi