Dandaulo la ife osunga amphaka odwala shuga

Ife tikulemba pano ndife anthu osunga amphaka odwala matenda a shuga kuno ku Britain. M'mawa ndi madzulo timatsina kachikopa ka pakhosi n'kubaya insulin, ndipo ambiri timaboolanso m'mphepete mwa khutu kuti tipeze kadontho ka magazi koyezera shuga. Ntchito imeneyi tinaizolowera, sitiidandaula. Chimene chatikwana ndi nkhani ya mankhwala ogula m'sitolo amene amati amathandiza m'malo olumikizana mafupa.

Shuga amakonda kugwira mphaka wachikulire ndiponso wonenepa, ndipo nyamakazi nayo imalondola yemweyo. Kafukufuku wa mu 2002 anasonyeza kuti mwa amphaka 100 opitirira zaka 12 amene anajambulidwa mafupa, 90 anali atawonongeka m'mfundo. Nthawi zambiri mphaka salira akamva ululu. Amangosiya kudumphira pawindo, amaima nthawi yaitali pansi pa masitepe, ndipo ubweya wakumsana umapotana chifukwa sathanso kukhota kuti adzinyambite. Ndani angaone zimenezi n'kungokhala manja lende? Ndiye timathamangira glucosamine ndi chondroitin.

Apa m'pamene mutu umaima. Wogulitsa wina akuti glucosamine ndi shuga, musayerekeze dala. Wina akuti palibe vuto, ingompatsani. Tadzifufuzira tokha, ndipo nazi zimene tapeza. Glucosamine ndi wachibale wa shuga ndithu, ndipo kawirikawiri amapangidwa kuchokera ku zigoba za nkhanu. Mantha anayamba m'zaka za m'ma 1990, pamene makoswe amene ankalowetsedwa glucosamine wochuluka m'mitsempha ya magazi anasiya kumva bwino mphamvu ya insulin. Koma mu 2003 anthu odwala shuga anamwetsedwa mamiligalamu 1,500 a glucosamine patsiku kwa masiku 90, ndipo shuga wawo sanasinthe moti n'kudetsa nkhawa. Mu 2010 anayesanso pa agalu athanzi kwa masabata atatu, osapeza vuto. Zimenezi n'zolimbitsa mtima, sitikana. Komatu mphaka si munthu, si galu, ndipo wathu si wathanzi. Amene amatiuza kuti palibe vuto azitiuzanso kuti mawu awowo akuwatenga kwa anthu ndi agalu.

Chimene chimatipweteka kwambiri si glucosamine yekhayo ayi, koma zimene amamukutiramo. Kuti mphaka adye mosavuta, ena opanga amaika mankhwalawa m'timibulu tofewa kapena m'phala lotsekemera, momwe mumapezeka manyuchi, ufa wa mpunga kapena maltodextrin. Ife tinasiya kale chakudya chouma n'kuyamba cham'zitini chodula, chifukwa a dokotala anatiuza kuti tichepetse sitachi kuti mwina shuga angagonje mpaka jakisoni kulekeka, monga zimachitikira kwa amphaka ena. Kenako sitachi yemweyo akulowera kukhomo lakuseri. Papaketi amalemba kuchuluka kwa mapuloteni ndi mafuta, koma nthawi zambiri za shuga ndi sitachi sanena kuti zilimo zochuluka bwanji. Zinthuzi zimagulitsidwa ngati chakudya chowonjezera, osati ngati mankhwala ovomerezeka, choncho opanga safunsidwa umboni woti zimachiritsadi.

Nambala ikakwera pamakina oyezera, timasowa pogwira. Kodi ndi kambulu kaja, kapena ndi dzino lowola, matenda a m'chikhodzodzo, mwinanso mantha chabe, poti mphaka akangoopa shuga amakwera? Ndipo munthu ukapupuluma n'kuwonjezera insulin pawekha, mawa lake ukhoza kumupeza akudzandira, shuga atatsikitsitsa, iwe n'kumamupaka uchi m'nkhama mtima uli m'mwamba.

Nanga ndalama zathuzi zikugula chiyani? Mu 2022 akatswiri a ku Université de Montréal anasonkhanitsa kafukufuku wambiri wa agalu ndi amphaka, ndipo anapeza kuti glucosamine ndi chondroitin sizichepetsa ululu wa nyamakazi, pamene mafuta a nsomba a omega-3 amathandiza. Sitimva zimenezi pa kauntala. Ena mwa ife tadyetsa amphaka timibuluti kwa miyezi, pomwe vuto silinali nyamakazi n'komwe: mphaka akayamba kuyendera zidendene za miyendo yakumbuyo, kawirikawiri amakhala shuga amene wawononga mitsempha, ndipo chofunika ndi kuwongolera shugayo.

Kwa inu opanga, tikupempha kuti mulembe poyera kuchuluka kwa shuga ndi sitachi m'kambulu kalikonse, ndipo muyese zinthu zanu pa amphaka odwala shuga musanatigulitse. Kwa inu a dokotala a ziweto, timakulemekezani, koma musamangotiuza kuti tiyese tione. Mugwireni mphakayo m'mfundo, mutiuze ngati ndi nyamakazi kapena mitsempha. Mutifotokozere za frunevetmab, jakisoni wa pamwezi wochepetsa ululu wa nyamakazi amene analoledwa ku Ulaya mu 2021, za mankhwala a ululu a meloxicam ndi kuopsa kwake pa impso zofooka, komanso kuti mankhwala a prednisolone amakweza shuga. Muzichenjeza aliyense kuti paracetamol amapha mphaka. Ndipo tikayamba chinthu chatsopano, tiuzeni masiku oti tiyeze kunyumba, mutiitanenso kudzayeza fructosamine m'magazi, yosonyeza mmene shuga wakhalira, pakatha masabata atatu.