Dedza Ikonzekere Ngozi Isanagwe

Mu 2019 lole inaloŵerera mumsika wa Kampepuza ku Ntcheu, nipha anthu ambiri nthaŵi imodzi. Msewu wa M1 womwewo ndiwo umakwera mapiri a Dedza, kumene nkhungu ya m'chisanu imatseka maso a oyendetsa galimoto.

Basi ikagubuduzika kumeneko, oyamba kufika ndi anthu a m'midzi. Ndipo kuchokera paboma la Dedza kukafika kuchipatala chachikulu ku Lilongwe ndi makilomita oposa 80.

Nchifukwa chake tikupempha a Bwanamkubwa kuti apolisi, anamwino ndi a Red Cross aziyeserera pamodzi chaka chilichonse: kusankha wovulala woyamba kunyamulidwa, kuletsa magazi kutayika, kugoneka wothyoka msana pathabwa. Apampando a nthambi za Chipani apereke maina a achinyamata oti aphunzitsidwe mvula isanayambe.