Amakani ochepa akutikwezera mitengo tonse

Pa msika wa pa intaneti wa eBay pali anthu amene amalimbirana katundu mpaka kulipira ndalama zoposa mtengo umene katundu yemweyo akugulitsidwa pamalo omwewo popanda mpikisano. Mu 2011 akatswiri a zachuma Ulrike Malmendier ndi Young Han Lee anafalitsa zimene anapeza atatsatira malonda a sewero lotchedwa Cashflow 101. Pa maokushoni 100 aliwonse, 42 ankathera pa mtengo woposa umene munthu akanalipira pongodina batani logula pompopompo. Batanilo silinabisike. Anthu sankaliyang'ana basi.

Chopweteka kwambiri n'chakuti opusa chonchi anali ochepa, pafupifupi 17 pa ogula 100 aliwonse. Koma okushoni simvera anzeru makumi asanu amene asiya. Imamvera awiri amakani amene atsala. Ndiye wina asatinamize kuti okushoni ya pa intaneti imapeza mtengo weniweni wa chinthu. Kawirikawiri imangopeza munthu amene wapsa mtima kuposa onse.

Mayi wogula tomato pa Lizulu sakakamira mulu umodzi. Akauzidwa mtengo wosamveka amangosuntha mapazi, wogulitsa n'kuyamba kumuitana. Pa intaneti zilinso choncho. Kafukufuku wa Anwar, McMillan ndi Zheng wa mu 2006 anaonetsa kuti pamene katundu wofanana akugulitsidwa m'maokushoni angapo nthawi imodzi, ogula amene ankadumphira kumene mtengo uli wotsika ankalipira zochepa kuposa okakamira pamodzi. Anthu odumphadumphawa ndiwo amalinganiza mitengo. Wokakamira ndiye chakudya cha wogulitsa, makamaka wogulitsa wachinyengo amene amatuma m'bale wake kuti azinamizira kupikisana nawo.

Ena amanyoza munthu amene amabisalira mpaka timasekondi tomaliza kenako n'kuponya mtengo wake. Ati ndi ukathyali. Ukathyali wanji? Alvin Roth, amene pambuyo pake analandira mphoto ya Nobel mu 2012, pamodzi ndi Axel Ockenfels anaonetsa mu 2002 kuti khalidweli linkachuluka pa eBay, pamene nthawi ikakwana malonda atha, kusiyana ndi pa Amazon, pamene okushoni inkapitirira mpaka padutse mphindi 10 popanda wowonjezera. Wobisalirayo wangowerenga malamulo bwino, ndipo wakana kuutsa ukali wa anzake masiku asanu malonda asanathe.

Kuno kwathu nkhaniyi imabwera pa matayala. Galimoto zambiri za ex-Japan zimadutsa kaye m'maokushoni akuluakulu ngati a USS zisanakwere sitima kupita ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Dila akatengeka mtima kumeneko, kulimbirana Toyota imodzi pamene zofanana nazo zili mbwee mawa lake, wolira si iye. Ndalamayo amaiphatikiza pa mtengo, ndipo mphunzitsi wa ku Area 25 amene watenga ngongole ku SACCO amauzidwa kuti vuto ndi dola.