Nyali za magalimoto opulumutsa anthu: ndani ayenera kupatsidwa njira?

Pamene mvula yamphamvu inagumula dothi pa mgodi wa Seseli ku Chingola kumapeto kwa caka ca 2023, ndi kukwirira anthu amene anali kukumba miyala ya mkuwa, nchito yowafunafuna siinagwiridwe ndi apolisi okha. Kunafika asilikali, a bungwe loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi la DMMU, ndiponso magulu opulumutsa anthu ocokera ku makampani a migodi. Onsewa anadalira mseu, usana ndi usiku.

Za pamseu m'dziko muno zimayendetsedwa ndi lamulo la 2002, limene linakhazikitsa bungwe la RTSA. Galimoto iliyonse iyenera kukhala ndi zizindikiro zonyezimira, zoyera kutsogolo ndi zofiira kumbuyo. Izi zimangothandiza kuti galimoto ioneke mumdima, sizipatsa woyendetsa ufulu woposa wa anzake. Nyali zothwanima ndi saireni n'zosiyana nazo, cifukwa zimalamula ena kuti apatuke.

Vuto lagona pamenepa. Apolisi akhala akucenjeza eni magalimoto amene amaika nyali zotere popanda cilolezo, ena pofuna cabe kuzemba mzere wa magalimoto mu Lusaka. Woyendetsa minibasi amene wapusitsidwa kangapo ndi anthu otere amayamba kuumitsa khosi. Tsiku limene ambulansi kapena galimoto yozimitsa moto idzalira kumbuyo kwake, iye adzayamba wayang'ana pagalasi kawiri, kuti aone ngati kupatuka n'kofunikadi.